Khonsolo ikati kalabu ya ovina atavula itsekedwe: kalimbanidwe kake ku Britain

Pa 31 Malichi 2022, komiti ina ya khonsolo ya mzinda wa Edinburgh ku Scotland inavota kuti chiwerengero cha makalabu amene anthu amavinamo atavula chikhale ziro. Makhansala asanu anati inde, anayi anati ayi. Mumzindamo munali makalabu anayi otere, ndipo chiletsocho chimayenera kuyamba mu Epulo 2023. Sichinafike poyamba, chifukwa pa 10 Febuluwale 2023 woweruza wa bwalo la Court of Session, Lord Richardson, anagamula kuti khonsoloyo inalakwitsa. Ku Bristol nkhani yonga yomweyi inathera m'chipinda cha makhansala. Mu Julayi 2022 komiti inakana kutseka makalabu awiri a mumzindawo, anthu oposa 6,000 atapereka maganizo awo, ndipo 86 mwa 100 aliwonse atakana chiletsocho.

M'mizinda iwiriyi nkhani inatha bwino chifukwa cha mapepala osungidwa mwadongosolo, masiku osaphonya, ndi mawu a akazi eni ake amene amagwira ntchitoyo. Kukuwa za ufulu kunathandiza pang'ono chabe. Malangizo awa ndi a ovina, eni makalabu, alonda a pakhomo, ogulitsa pabala ndi aliyense amene mphika wake umawira chifukwa cha malo oterewa ku England, Wales ndi Scotland. Kumudzi lamulo ndi lina. Ku Malawi kuli Censorship and Control of Entertainments Act ya 1968 ndi bungwe la Censorship Board, choncho masiku ndi ndime zimene zili m'munsimu musakazitchule ku Lilongwe.

Kumene khonsolo imatenga mphamvu

Chisanafike chaka cha 2010, kalabu yotere ku England ndi Wales inkayenda ndi laisensi wamba ya mowa ndi nyimbo. Magulu omenyera ufulu wa amayi, makamaka Object ndi Fawcett Society, anachita kampeni, ndipo ndime 27 ya Policing and Crime Act 2009 inasintha gawo lotchedwa Schedule 3 m'lamulo la maboma aang'ono la 1982. Kuchokera pamenepo malowa amatchedwa sexual entertainment venue, mwachidule SEV, ndipo kumene khonsolo inasankha kutsata gawoli amafunika laisensi yawoyawo imene sipitirira chaka chimodzi. Ku Scotland dongosolo lofanana nalo linabwera ndi lamulo la 2015.

Chaka chilichonse mumapemphanso, ndipo laisensi ya chaka chatha si chishango. Pamlandu wa Thompson ndi khonsolo ya Oxford mu 2014, bwalo la apilo linanena kuti khonsolo ili ndi ufulu woiwona nkhaniyo mwatsopano chaka ndi chaka, bola ipereke zifukwa zomveka.

Masiku a ku England ndi Wales ndi awa, ndipo alembeni pakhoma la ofesi. Tumizani pempho lokonzetsa laisensi yakaleyo isanathe, chifukwa mukatero imapitiriza kugwira ntchito mpaka komiti itagamula. Mukachedwa ndi tsiku limodzi lokha, mwasanduka wopempha watsopano, ndipo khonsolo ikakhala kuti inachepetsa chiwerengero, malo anu apita. Pasanathe masiku 7 kuchokera tsiku la pempho, chidziwitso chituluke m'nyuzipepala ya m'deralo ndipo apolisi akhale atalandira kope. Chikalata china chikhomedwe pamalo poonekera kunja kwa kalabu kwa masiku 21. Chijambuleni tsiku lililonse ndi foni yoonetsa tsiku, pakuti mvula imachinyowetsa, oledzera amaching'amba, ndipo wotsutsa akangonena kuti sanachiwone ntchito yonse ingathe kuyambiranso. Otsutsa ali ndi masiku 28 olembera madandaulo awo. Khonsolo imakuuzani zimene adandaula koma siulula maina awo popanda chilolezo. Musayese kuwafufuza. Wotsutsa mmodzi akangoti anaopsezedwa, nkhani yonse yatembenuka.

Zifukwa zimene komiti ingakanire n'zowerengeka. Ingathe kunena kuti wopemphayo si munthu woyenera, mwina chifukwa cha milandu yakale, kapena kuti wopemphayo ndi chikuto chabe ndipo mwini weniweni ndi munthu amene akanakanidwa. Ingathe kunena kuti chiwerengero chimene inaika m'deralo chakwana, ndipo lamulo limalola kuti chiwerengerocho chikhale ziro. Ingathenso kunena kuti malowo sakuyenera poona mkhalidwe wa deralo, nyumba zoyandikana nazo monga sukulu ndi matchalitchi, kapena kamangidwe ka kalabuyo. Kunyansidwa sikuli pamndandandawu. Malangizo a unduna wa Home Office a mu 2010 amanena kuti madandaulo asachokere pa chikhulupiriro kapena pa maganizo a munthu a zimene zili zoyenera ndi zosayenera. Otsutsa odziwa ntchito amachidziwa chimenechi, n'chifukwa chake masiku ano salemba kuti kuvina wamaliseche ndi tchimo. Amalemba za chitetezo cha amayi pamsewu, za sukulu imene ili pakona, ndi za kufanana kwa amuna ndi akazi. Muyankhe zimenezo, osati zimene mukuganiza kuti zili mumtima mwawo.

Ufulu wolankhula paokha sukufikitsani patali

Anthu ambiri amathamangira ku ndime 10 ya pangano la ku Ulaya la maufulu a anthu, yonena za ufulu wofotokoza maganizo. Itchuleni, koma musaiyese mzati wa nyumba. Mu 2007, pamlandu wa khonsolo ya Belfast ndi sitolo yotchedwa Miss Behavin', bwalo la House of Lords linati kugulitsa zolaula kuli pansi kwambiri pa zinthu zimene ndimeyi imateteza, ndipo khonsolo imene yatsata lamulo la malaisensi kawirikawiri siikhala itaphwanya ufulu umenewu. Khansala amene akuopa ovota ake sangaike mpando wake pachiswe chifukwa cha ufulu wa bambo wina woonera thupi la mkazi.

Mfundo imene imagwedeza makhansala ndi yakuti kutseka kalabu sikuthetsa kuvinako. Lamulo la malaisensi la ku England ndi Wales lili ndi mpata. Malo aliwonse angathe kuchititsa kuvina kotere popanda laisensi ya SEV ngati sikupitirira maulendo 11 pa miyezi 12, ulendo uliwonse sukupitirira maola 24, ndipo papita mwezi wathunthu pakati pa maulendowo. Ku Cheltenham mpata umenewu ndi wodziwika pasabata ya mpikisano wa akavalo mu Malichi. Ndiye funso limene mukaike pamaso pa komiti ndi ili: mukufuna akaziwa azivina pamalo amene ali ndi makamera, alonda olembetsedwa ndi oyendera a khonsolo, kapena m'zipinda za hotelo ndi m'mapwando a anyamata kumene kulibe woyang'anira aliyense?

Kumene nkhani za zisangalalo za akuluakulu zinayenda bwino kwina, njira inali yomweyi. Ku California mu Novembala 2016, ovota anakana Proposition 60, imene inkafuna kukakamiza makondomu m'mafilimu olaula. Ochita mafilimuwo sanataye nthawi ndi nkhani ya ufulu. Anasonyeza kuti lamulolo likanalola munthu aliyense kusumira opanga filimu, ambiri mwa iwo ndi ochita filimuwo eni ake, ndipo maina awo enieni ndi kumene amakhala zikanatulukira m'makhoti. Zipani zazikulu zonse ziwiri za m'chigawocho zinalikana. Za msinkhu musalimbane nazo n'komwe. Kuyambira pa 25 Julayi 2025, lamulo la Online Safety Act 2023 limafuna kuti masamba a zolaula a pa intaneti azitsimikizira kuti wolowayo wakwana zaka 18, ndipo amene aoneka ngati akutsutsa kuteteza ana wagonja asanatsegule pakamwa. Pokambirana ndi pa mmene zithunzi za nkhope ndi ziphaso za anthu zikusungidwira.

Yambani mwasesa m'nyumba

Apa ndi pamene makalabu ambiri amagwera, ndipo eni ake sakonda kuuzidwa. Laisensi iliyonse imabwera ndi malamulo ake a kayendetsedwe. Makhonsolo ambiri amaletsa kasitomala kugwira wovina, amafuna makamera a CCTV paliponse pamene pakuvinidwa ndi kuti zojambulazo zisungidwe pafupifupi mwezi, amafuna alonda okhala ndi baji ya SIA (bungwe la boma lopereka ziphaso kwa alonda), chipinda chosinthira chimene kasitomala sangalowemo, ndipo amaletsa zithunzi zamaliseche kunja. Wosakwana zaka 18 salowa, kaya ngati kasitomala kaya ngati wantchito.

Tengani pepala la malamulowo, muyende nalo m'kalabu masana magetsi onse atayatsa. Khalani pampando wa m'kachipinda kalikonse kovinira, wina akhale pa sikirini. Ngati pali kona imene kamera siikuona, woyendera aipeza, kapena aipeza munthu wobisa kamera m'malaya. Zimenezi zinachitika mu 2019, pamene gulu lina lotsutsa linatuma anthu kukajambula mobisa m'makalabu a ku Sheffield ndi Manchester n'kupereka zojambulazo ku makhonsolo. Kalabu ya ku Sheffield inapatsidwabe laisensi chaka chimenecho, koma itapezeka kuti malamulo anaphwanyidwa, ndipo akazi amene anajambulidwa osadziwa ndiwo anasenza manyazi ndi mantha. Muziyendetsa usiku uliwonse ngati kuti wojambulayo wakhala kale patebulo.

Buku la zochitika likhale ndi masamba osazuka ndipo lilembedwe usiku womwewo. Mzere wabwino umaoneka chonchi: nthawi 01:40, kasitomala wa malaya abuluu wagwira wovina m'chipinda 3, wachenjezedwa, wabwereza, watulutsidwa ndi alonda awiri, wovina wafunsidwa ngati akufuna apolisi, wakana, waperekezedwa ku takisi 03:15. Eni ena amaopa kulemba poganiza kuti buku lodzaza likuwaneneza. Ndi buku lopanda kanthu limene limaneneza, chifukwa palibe khansala amene angakhulupirire kuti pamalo ogulitsa mowa panadutsa chaka popanda woledzera wopanda mwambo.

Kenako pali nkhani ya ndalama. M'makalabu ambiri wovina salandira malipiro. Iyeyo ndiye amalipira kalabu ndalama yotchedwa house fee kuti avine usikuwo, kalabu imadulanso gawo pa zimene wapeza, ndipo kwina amamulipitsa chindapusa akachedwa kapena akadwala. Usiku wopanda makasitomala angathe kubwerera kunyumba ali ndi ngongole. Kafukufuku wa Teela Sanders ndi Kate Hardy wa pa yunivesite ya Leeds anaonetsa kuti zodulidwa zimenezi ndi zina mwa zimene zimawawa ovina kwambiri. Mu 2012 bwalo la apilo linagamula pamlandu wa kalabu ya Stringfellows kuti wovina sanali wolembedwa ntchito, koma mu 2020 bwalo la milandu ya apantchito ku London linapeza kuti wovina wina anali m'gulu lotchedwa worker, limene lili ndi ufulu wa malipiro a tchuthi ndi malipiro ochepetsetsa a boma. Mwini kalabu amene akufuna kuti ovina akamuimire ku khonsolo ayambe wachotsa zindapusa, atsitse house fee pa masiku ouma, alembe njira yodandaulira imene siidutsa kwa manijala yekha, ndipo alole yuniyoni kulowa. Simungapemphe munthu kuti akanene kuti ntchito ndi yabwino mutamudula dzulo chifukwa chochedwa mphindi khumi.

Wantchito aliyense aonetse pasipoti ndi chilolezo chogwira ntchito, ndipo kope lisungidwe motsekera. Otsutsa amatchula msanga za kuzembetsa anthu, ndipo yankho lake ndi faelo yathunthu. Kwa abale athu amene ali ku Britain pa viza ya sukulu: viza imeneyo silola ntchito yodzilemba wekha kapena ya msangalatsi, choncho kuvina m'kalabu kungakuthetsereni maphunziro, ndipo dzina lanu lisapezeke pa kalata iliyonse ya kampeni musanaonane ndi loya wa za olowa m'dziko.

Manambala

Mudzamva kuti makalabu oterewa amachulukitsa kugwiriridwa kwa amayi. Mawuwa nthawi zambiri amachokera ku lipoti la Lilith la 2003 lonena za dera la Camden ku London, limene linati milandu yogwiririra inakwera ndi 50 pa 100 makalabu atatsegulidwa. Wofufuza wina, Brooke Magnanti, anawerengeranso manambalawo n'kusonyeza kuti masamu ake anali olakwika, kuti sanaganizire kuchuluka kwa anthu m'deralo, ndiponso kuti anangotenga zaka zochepa. Mukayankha zimenezi musanyoze. Amayi amene akudandaula kuti amaopa kudutsa pamsewu usiku akunena zoona za mantha awo, ndipo ovina nawonso amadutsa msewu womwewo.

Manambala anu akhale a msewu wanu. Ku England ndi Wales, tsamba la police.uk limaonetsa milandu mwezi ndi mwezi pafupi ndi msewu uliwonse, koma limaphatikiza malo oyandikana, motero silingasiyanitse kalabu yanu ndi bala la pafupi. Lembani pempho pansi pa lamulo la ufulu wopeza zimene maofesi a boma akusunga, Freedom of Information Act 2000 (Scotland ili ndi lamulo lakelake lotere), ku polisi ya m'chigawocho ndi ku khonsolo. Ali ndi masiku 20 ogwira ntchito oti ayankhe, choncho tumizani miyezi itatu tsiku la komiti lisanafike. Funsani mwachindunji kuti pa zaka zitatu zapitazi apolisi anaitanidwa kangati ku adiresi ya kalabuyo, kangati ku mabala ndi madisiko asanu oyandikana nayo, khonsolo inalandira madandaulo angati ndipo oyendera anapeza chiyani. Pempho lotambalala kwambiri limakanidwa ponena kuti likufuna nthawi yambiri, ndiye lichepetseni. Zotsatira zikatuluka zoipa, musazikwirire. Otsutsa angathe kufunsa zomwezo. Konzani vutolo ndipo mukafike nalo ku komiti muli ndi tsiku limene munalikonza.

Chinthu chimodzi chimalemera kuposa zonsezi: apolisi akapanda kutsutsa pempho lanu. Kumanani ndi wapolisi woona za malaisensi miyezi ingapo pasadakhale, mumufunse chimene sichikumusangalatsa, ndipo zimene mwagwirizana muzimutumizire pa imelo kuti pakhale umboni.

Alankhule ndani

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwini kalabu wovala suti akaima pa wailesi ya kanema kunena za ufulu wa akazi, omvera amangoona ndalama zake. Ku Bristol amene anatsogolera ndi ovina kudzera m'gulu la Bristol Sex Workers' Collective. Ku Edinburgh inali nthambi ya United Sex Workers ya yuniyoni ya United Voices of the World. Ovina akhale ndi komiti yawo, ndalama zawo ndi wowalankhulira wawo, osati wosankhidwa ndi manijala. Akhale omasuka kunena poyera kuti kalabuyo ili ndi zolakwika. Wovina wonena kuti house fee ndi yodula koma kutseka si mankhwala amakhulupirika kuposa khumi onena kuti zonse zili bwino.

Khonsolo isanasinthe ndondomeko yake imafunsa maganizo a anthu, ndipo nkhondo yeniyeni ili pamenepo, kutatsala miyezi kuti voti ichitike. Werengani mafunsowo bwinobwino, chifukwa ena amalembedwa mwanjira yakuti inde atanthauze kutseka. Lembani kapepala kofotokoza funso lililonse m'mawu osavuta, koma musapatse anthu yankho lokopera. Makalata 500 ofanana liwu ndi liwu, wolemba lipoti amawaika pamzere umodzi. Kalata ya ndime zitatu yochokera kwa mayi wonena kuti amagwira mausiku atatu pasabata kuti masana azisamalira mwana wolumala, ndipo lendi yake imachokera pamenepo, imawerengedwa yonse. Aliyense alembe positikodi yake, popeza makhansala amafuna kudziwa kuti oyankhawo ndi ovota awo. Musaiwale alonda, okolopa, oyendetsa takisi ndi wogulitsa chipisi wa pakona. Werengani ntchito zonse zimene zingathe, ndipo nambalayo ikhale yoona, yoti mungaitsimikize ndi mndandanda wa malipiro.

Pitani kwa makhansala a komitiyo mmodzimmodzi pa maola awo okumana ndi anthu, ovina awiri kapena atatu nthawi imodzi. Aitaneni adzaone kalabuyo masana, aone sikirini ya makamera ndi chipinda chosinthira. Ena adzakana kunena mbali imene ali, ndipo akuchita bwino, chifukwa khansala woonetsa kuti watseka kale maganizo ake voti isanachitike amapereka mpata woti chigamulo chikatsutsidwe kukhoti. Musawakakamize kulonjeza. Pemphaninso kukumana ndi magulu a amayi amene akutsutsa. Mwina simugwirizana, koma pali zimene mungavomere popanda kutaya kanthu, monga kuchotsa chikwangwani chowala, kusiya kugawa timapepala pamsewu, kapena kutsegula mochedwerapo ana a sukulu atadutsa. Zimenezi mukazipereka nokha komiti isanalamule, mwachotsa theka la madandaulo.

Atolankhani adzabwera, ndipo adzafuna chithunzi cha miyendo ndi nsapato zazitali. Gwirizanani nawo polemba musanayankhe funso lililonse: dzina la pasiteji lokha, nkhope ibisike ngati mwiniwake akufuna, zolemba za pakhungu zisaoneke, msewu wa kunyumba usajambulidwe. Chimene chalowa pa intaneti sichituluka, ndipo kwa Mmalawi chithunzi chotuluka ku Bristol m'mawa chimakhala chafika pa gulu la WhatsApp la akuchibale ku Ndirande dzuwa lisanalowe. Aliyense wofuna kulankhula poyera apatsidwe tsiku lathunthu loti aganize, ndipo wokana asanyozedwe. Funsaninso kalaliki wa komiti ngati mayankho olembedwa adzasindikizidwa ndi maina, komanso ngati msonkhanowo udzaulutsidwa pa intaneti, pakuti makhonsolo ambiri amaulutsa.

Zionetsero zili ndi malo ake koma n'zochepa mphamvu. Cha mu Disembala 2014 kunja kwa Nyumba ya Malamulo ku London, chotsutsa malamulo atsopano a mafilimu olaula a pa intaneti, chinaseketsa dziko n'kuonetsa kuti zina zoletsedwazo zinali zopanda nzeru. Komabe panapita zaka zinayi, za makalata ndi zokambirana, kuti ofesi ya oimira boma pamilandu, Crown Prosecution Service, ifewetse malangizo ake mu Januwale 2019 pa zithunzi za zimene akuluakulu amachita atagwirizana ndipo palibe wovulala kwambiri.

Tsiku la komiti

Mapepala a msonkhano amatuluka pa tsamba la khonsolo kutatsala masiku angapo. Awerengeni onse, makamaka malangizo a loya wa khonsolo ndi chikalata chounika mmene chigamulocho chikhudzire amuna ndi akazi. Lembetsani olankhula nthawi yake isanathe. Mphindi zimakhala zochepa, ndiye gawanani: loya anene za lamulo, manijala anene za makamera ndi buku, ovina anene za ntchito ndi kumene adzapite kalabu ikatsekedwa. Awiri asabwereze mfundo imodzi. Okhala kumbuyo asawowoze wotsutsa, ngakhale atanena zopweteka. Wina akhale ndi ntchito imodzi yokha, yolemba mawu a khansala aliyense ndi yankho lililonse la loya wa khonsolo pamodzi ndi nthawi yake. Msonkhano ukatha sungani kanema wake, chifukwa sakhalitsa pa tsambalo mpaka kalekale.

Zikakanika, khoti

Ku England ndi Wales, mukakanidwa chifukwa choti wopemphayo si woyenera, muli ndi masiku 21 ochitira apilo kubwalo la majisitireti. Mukakanidwa chifukwa cha chiwerengero kapena mkhalidwe wa dera, apilo palibe. Njira yokhayo ndi judicial review, kutanthauza kupempha bwalo lalikulu kuti liunike mmene khonsolo inafikira pa chigamulo chake, ndipo iyenera kuyambika msanga, isanadutse miyezi itatu. Mumayamba ndi kalata ya loya yochenjeza khonsolo, imene kawirikawiri imapatsidwa masiku 14 oti iyankhe.

Woweruza pamlandu wotere safunsa ngati kutseka kuli kwabwino kapena koipa. Amafunsa ngati khonsolo inatsata njira. Kodi inafunsa anthu maganizo isanamange mfundo, inawapatsa zifukwa ndi nthawi yokwanira, ndipo inaganiziradi mayankho awo? Kodi inalimvetsa lamulo? Ku Edinburgh mlandu unathera pa funso lachiwirili. Makhansala anali atalangizidwa kuti ngakhale aike ziro, kalabu ingathebe kupempha n'kupatsidwa laisensi. Lord Richardson anapeza kuti lamulo la ku Scotland silikutero, ziro ndi chiletso chenicheni, motero komiti inavota isakudziwa kulemera kwa voti yake. Cholakwikacho chinali m'malangizo amene makhansala analandira, n'chifukwa chake munthu wolemba uja ndi wofunika. Mlanduwo anauyambitsa ndi eni makalabu, koma yuniyoni ya ovina inasonkha ndalama pa intaneti, inapempha kulowamo ndipo inaloledwa.

Ndime 149 ya Equality Act 2010 imakakamiza khonsolo kuganizira za kufanana kwa amuna ndi akazi posankha zochita. Ndi mpeni wakuthwa konsekonse. Ovina amati kutseka kumachotsa ntchito makamaka akazi. Otsutsa anagwiritsa ntchito ndime yomweyi ku Sheffield, ndipo khonsoloyo inavomera kawiri, mu 2017 ndi 2018, kuti sinaiganizire mokwanira, koyamba polola kalabu, kachiwiri pokonza ndondomeko yake ya malaisensi. Choncho ngakhale komiti ili kumbali yanu, ikumbutseni kuti iyankhe madandaulo a otsutsa mokwanira ndi kulemba zifukwa zake, kuopa kuti laisensi yanu ingakagwe kukhoti chifukwa cha ulesi wa ena.

Musalowe m'khoti mukuganiza kuti kupambana n'kwachidziwikire. Makalabu a ku Leeds anagonja mu 2014 khonsolo itachepetsa chiwerengero kufika pa anayi, chifukwa inali itatsata njira. Wogonja kawirikawiri amalipira ndalama za loya wa mbali inayo, ndiye funsani loya wanu kuyambira tsiku loyamba ngati n'kotheka kupempha bwalo kuti liike malire a ndalama zimenezo, ndipo mugwirizane polemba kuti eni kalabu alipira zingati, yuniyoni zingati. Mukapambana, chigamulo cha khonsolo chimafafanizidwa basi. Khonsoloyo ingathe kukhalanso pansi, kukonza cholakwikacho n'kuvotanso ziro, makamaka pakabwera makhansala atsopano chisankho chitatha.

Laisensi ikatuluka, werengani malamulo ake mzere ndi mzere, chifukwa komiti imakonda kuwonjezerapo atsopano, monga kuchotsa makatani m'zipinda kapena kuwonjezera mlonda. Aliyense wogwira ntchito awerenge n'kusaina. Kenako onani tsiku limene laisensiyo ikuthera, mubwerere m'mbuyo miyezi inayi, ndipo pa tsiku limenelo lembani pa kalendala kuti pempho la manambala ku polisi litumizidwenso.